Momwe mungapezere perimeter ya triangle ya madigiri 90 pa funso la masamu

Funso lake nthawi zambiri limabwera ngati nkhani. Mlimi ali ndi dimba la makona atatu, kona imodzi ndi ya madigiri 90, mbali yaitali kwambiri ndi mamita 17 ndipo ina ndi mamita 8. Agule waya wautali bwanji kuti azungulize dimba lonse? Waya ameneyo ndiye perimeter, kuphatikiza mbali zonse zitatu basi. Chovuta n'chakuti mwapatsidwa mbali ziwiri zokha, yachitatu muifune nokha.

Musanagwire nambala, jambulani kaye. Kokani triangle pambali pa pepala, muike kabokosi pa kona ya 90 ija. Mbali yoyang'anizana ndi kabokosiko ndiye hypotenuse, ndipo ndiyo yaitali kuposa zinzake nthawi zonse. Lamulo la Pythagoras likuti a² + b² = c², c kukhala hypotenuse, a ndi b kukhala mbali ziwiri zinazo.

Apa ndi pamene ndinagwa ndili Fomu 2, ndipo ndimaonabe ana a m'dera lathu akugwa pomwepa ndikamawathandiza madzulo. Ndinaloweza kuti "sikweya, phatikiza, tenga square root," ndiye nditaona 17 ndi 8 ndinangoti 289 (17 × 17) kuphatikiza 64 (8 × 8), nkupeza 353. Square root yake, kutanthauza nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 353, ndi pafupifupi 18.8. Ndinalemba mosakayika, osazindikira kuti ndatulutsa mbali yaitali kuposa hypotenuse, chinthu chosatheka. Pepala linabwera ndi mzere wofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo zinandiwawa chifukwa njira ndinkaidziwa, chimene sindinachite ndi kuwerenga funso modekha.

Choncho dzifunseni: kodi hypotenuse ndapatsidwa kale? Ngati mwapatsidwa, muchotsere, musaphatikize. Pa dimba lathuli 289 kuchotsa 64 yatsala 225, square root yake ndi 15. Onaninso kuti 15 ndi yochepa kwa 17, ndiye kuti muli m'njira. Mawu a m'funso amakuuzani okha. Makwerero otsamira khoma ndi hypotenuse, chingwe chochoka pamwamba pa mtengo kufika pansi ndi hypotenuse, njira yachidule yodutsa pakati pa bwalo nayonso chimodzimodzi. Mumaphatikiza pokhapokha pamene mwapatsidwa mbali ziwiri zokumana pa kona ya 90.

Kachidule kake nako: lowezani magulu awa a mbali za triangle ya madigiri 90, nambala yomaliza kukhala hypotenuse: 3-4-5, 5-12-13 ndi 8-15-17. Mukaona 6 ndi 8 pa mbali zokumana pa kona ya 90 dziwani kuti ndi 3-4-5 yochulukitsa kawiri, yankho ndi 10. Amisiri omanga nyumba amagwiritsa 3-4-5 yomweyi ndi chingwe ndi zikhomo pofuna kuti kona ya maziko iongoke.

Za kalikuleta, chenjerani ndi zotchipa zija zimayalidwa pansi m'misika zolembedwa Casio. Ina ndinagulira mwana wa achemwali anga, mabatani anayamba kumira mwezi usanathe. Bola kuwonjezera ndalama mugule m'sitolo ya mabuku, ndipo muiyese pomwepo: square root ya 225 ikupatseni 15.

Kwatsalako pa funso la dimba lija n'kosavuta. 17 + 15 + 8 = mamita 40. Ambiri akapeza 15 amaima pomwepo, kuiwala kuti funso likufuna waya wonse. Ngati mbali ina ili m'masentimita, isintheni kaye ikhale m'mamita, ndipo pa yankho lembani m, osati m².