Musabaye dexamethasone chiweto chomwe chili ndi bere

Kamwana ka nkhosa kakabadwa masiku asanakwane, chimene chimakapha kawirikawiri ndi kulephera kupuma. Mudzakaona kakukoka mpweya movutikira, nthiti zikulowa mkati, lilime litachita bii. Mapapo ake amakhala asanakhwime. M'mapapo muli timatumba ting'onoting'ono ta mpweya, ndipo kuti tisamatirire mpweya ukatuluka pamafunika timafuta totchedwa surfactant. Timafutati timapangidwa mokwanira bere likamapita kumapeto, homoni ya cortisol ikachuluka m'thupi la kamwanako.

Zambiri za izi tinazidziwira pa nkhosa. Graham Liggins wa ku New Zealand ankafufuza chomwe chimayambitsa kubereka. Bere la nkhosa limatenga masiku pafupifupi 147, koma tina mwa tiana tomwe iye anatipatsa mankhwala ofanana ndi cortisol tili m'mimba tinabadwa pakati pa masiku 117 ndi 123. Chodabwitsa, chomwe analemba mu 1969, chinali choti mapapo a tianato ankalowa mpweya pa msinkhu womwe samayenera kutero. Mu 1972, iye ndi Ross Howie anafalitsa zotsatira za kuyesa betamethasone, mankhwala enanso ofanana ndi cortisol, pa amayi oyembekezera mu mzinda wa Auckland, ndipo mpaka lero madokotala amagwiritsa ntchito mankhwala a mtunduwu pothandiza makanda obadwa osakwana masiku.

Komatu inu alimi, onani mbali inayo ya nkhaniyi: nkhosa za Liggins zija zinabereka msanga. Mankhwala omwe amakhwimitsa mapapowo ndi omwenso amadzutsa kubereka mwa nkhosa, mbuzi ndi ng'ombe. Dexamethasone ndi wa banja lomweli, ndipo ambiri amamukonda chifukwa amaphwetsa zotupa msanga. Mbuzi ikutsimphina, mwendo watupa, munthu n'kutenga jakisoni osafunsa ngati ili ndi bere. Pakapita masiku awiri kapena atatu, mbuzi ija yataya bere kapena yabereka kofooka. Ng'ombe ikabereketsedwa chonchi, nsengwa imakonda kutsalira.

Ndipo musaganize kuti kubwereza jakisoni kulimbitsa mwana. Pa kafukufuku wa nkhosa ku Australia, zomwe zinabayidwa betamethasone kangapo zinabereka ana opepuka thupi, ngakhale mapapo awo ankagwira ntchito bwinoko.

Mahomoni a chithokomiro nawonso amathandiza mapapo kukhwima, ndipo thupi silingawapange popanda ayodini. Chiweto cha bere chikasowa ayodini, ana amabadwa ofooka, khosi lotupa, ubweya wochepa, ena akufa kale. Mchere wonyambita wokhala ndi ayodini umateteza zimenezi. Pa akalulu anapezanso kuti mahomoni achimuna amachedwetsako mapapo, koma apo palibe chomwe mlimi angachite.

Chomwe mungachite ndi kulemba tsiku lomwe chiweto chakweredwa. Mbuzi imatenga masiku pafupifupi 150, ng'ombe pafupifupi 283. Dotolo wa ziweto akabwera, muuzeni za bereyo asanatsegule botolo. Nthawi zina iye amabereketsa dala chiweto chodwala kuti achipulumutse, koma amayamba wawerenga masiku, ndipo tsiku lomwe munalemba lija ndi lomwe limamuthandiza.

Kamwana kakabadwabe msanga, kachotseni mamina m'mphuno ndi m'kamwa, kapukuteni ndi nsalu youma, kaikeni pofunda. Mkaka woyamba wa mayi wake kamwetseni pang'onopang'ono kakayamba kumeza, chifukwa mukakakamiza, mkaka ulowa m'mapapo omwe akuvutika kalewo.