Native kapena cross-platform: mmene mungasankhire poyamba kupanga ma app a pafoni

Achinyamata ambiri ofuna kuphunzira kupanga ma app amatha miyezi akuonera mavidiyo a anthu okangana ngati Flutter imaposa Kotlin, zida ziwiri zopangira ma app, koma osalembako ngakhale mzere umodzi wa khodi. Zimandidandaulitsa, chifukwa yankho lili pafupi: lili pa foni za anthu amene mukufuna kuwathandiza komanso pa laputopu imene muli nayo.

Tiyambe tamvana kaye. Mukati native, app ya Android mumailemba mu Kotlin kapena Java pogwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta ya Android Studio, ndipo ya iPhone mumailembanso payokha mu Swift pa Xcode. Ntchito ziwiri. Mukati cross-platform, khodi imodzi imagwira pa mafoni amitundu yonse iwiri. Zotchuka pamenepa ndi Flutter ya Google, imene imalembedwa mu Dart, ndi React Native imene Facebook inatulutsa mu 2015, yolembedwa mu JavaScript.

Choyamba, onani mafoni a anthu anu. Ngati app ndi ya gulu la banki mkhonde, ya alimi kapena ya mwini okala, m'manja mwawo mupeza Itel, Tecno ndi Samsung, zonse za Android. Pamenepo phindu lalikulu la cross-platform, lofikiranso eni iPhone, silikukukhudzani msanga. Koma ngati bungwe kapena abale okhala ku Johannesburg ndi ku London adzaifuna pa iPhone, kulemba kamodzi kudzakupulumutsani ku ntchito yobwereza.

Chachiwiri ndi kompyuta, ndipo apa mpamene ambiri amagwa mphwayi. Android Studio imafuna RAM (memore imene kompyuta imagwirira ntchito) yosachepera 8GB, ndipo foni yoyerekezera ya pakompyuta, yoyesera app, imadya yambiri. Xcode imagwira pa Mac pokha. Wokhala ndi laputopu ya Windows aiwaleko kaye za Swift. Ngati makina anu ndi ofooka, musayeseko foni yoyerekezerayo. Tengani foni yanu yeniyeni, lowani mu Settings, pitani pa About phone, dinani Build number kasanu n'kawiri, kenako mu Developer options yatsani USB debugging. Mukailumikiza ndi chingwe, app idzatsegukira momwemo, ndipo mudzaona mmene ikuyendera pa foni yonga ya anthu amene adzaigwiritse ntchito. Amene ali ndi laputopu ya 4GB ayambe ndi React Native kudzera mu Expo, chida chofewetsa ntchitoyi: mumalemba mu pulogalamu ya VS Code, n'kujambula QR code ndi app ya Expo Go pa foni yanu, basi zatheka. Musaiwalenso za bando. Kukopera Android Studio ndi zonse zofunika pa tsiku loyamba kumadya ma GB angapo, choncho funani malo a Wi-Fi m'malo motherapo bando ya mwezi wonse.

Chachitatu, dzifunseni zimene mukudziwa kale. Munapangako mawebusaiti ndi JavaScript? React Native sidzakhala yachilendo. Munaphunzira Java kukoleji? Kotlin ili pakhomo pomwepo, ndipo Google inalengeza mu 2019 kuti ndiyo imene imaika patsogolo pa Android.

Chachinayi, lembani papepala ntchito za app yanu. Ngati ndi mafomu, mndandanda wa katundu, malipoti ndi kulandira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, njira iliyonse ikwanitsa. Koma ikafuna kulankhula ndi kapulinta ka malisiti ka Bluetooth, kutsata GPS foni ili m'thumba, kapena kukwana pa foni imene malo ake atsala pang'ono kudzaza, native imakupatsani mphamvu zambiri ndipo app yake nthawi zambiri imakhala yaying'ono. Kulikonse kumene mwapita, phunzirani kusunga zinthu pa foni pomwepo ndi SQLite. Netiweki ikathawa kapena bando ikatha, app isafe nayo limodzi.

Chachisanu ndi ndalama. Akaunti yoikira app yanu pa Google Play ndi madola 25, olipira kamodzi. Ya Apple ndi madola 99 chaka chilichonse, ndipo zonsezi zimafuna khadi lotha kulipira kunja, zomwe si zapafupi masiku ano. Google imafunanso kuti mwini akaunti yatsopano ya munthu payekha apereke app kwa anthu 12 kuti aiyese kwa masiku 14 otsatizana asanaitulutse kwa onse. Yambiranitu kusonkhanitsa anzanu. Pakadali pano mutha kuwatumizira fayilo ya APK, yoikira app pa foni ya Android, pa WhatsApp kuti akuuzeni pamene yavuta.

Ine maganizo anga ndi akuti wongoyamba kumene, wokhala ndi laputopu ya 8GB ndipo akupangira anthu a kuno, ayambe ndi Kotlin. Adzamvetsa mmene Android imagwirira ntchito mkati mwake, ndipo nzeru imeneyo idzamuthandiza ngakhale atadzasamukira ku Flutter, poti zovuta zambiri za kumeneko zimathetsedwera mu mafayilo a Android omwewo. Amene akudziwa kale kuti kasitomala wake akufuna mafoni onse awiri atenge Flutter osacheuka.

Mukasankha, khalani pomwepo miyezi itatu. Pangani ka app kolembera ngongole za pa okala: dzina la wokongola, ndalama, tsiku ndi batani losonyeza kuti wabweza. Kaikeni pa foni ya mwini okala wapafupi, ndipo mukamufunse pakatha sabata kuti ndi pati pamene panamusokoneza.