Nkhumba ikaswa, ana ayamwe mkaka woyamba msanga

Alimi anzanga, nkhumba ikaswa ana khumi, sabata isanathe n'kutsala anayi, timafulumira kunena kuti make wawagonera. Koma tayang'anani kumbuyo kwa otsalawo. Ngati kuli konyowa ndi ndowe zamadzimadzi, maso alowa m'kati, nthawi zambiri wolakwa ndi bakiteriya wotchedwa E. coli.

Kachilomboka kali ndi chida chake. Pathupi pake pamamera timaulusi tambirimbiri, toonda kwambiri moti maikulosikopu wamba satiwona, totchedwa pili. Kaulusi kalikonse ndi tizidutswa ta puloteni tolumikizana motsatizana ngati mikanda pa chingwe, ndipo kamakhala ndi pogwirira pomwe pamakwana ndendende pakhoma la matumbo aang'ono a mwana wa nkhumba. Mukudziwa momwe njere za chisoso zimakanirira pa chitenje mukadutsa m'munda? Ndi momwemo. Kachilombo kopanda timaulusiti kamangokokoloka n'kutuluka ndi ndowe. Kokhala nato kamamatirira, kamaswana, kenako kamatulutsa poizoni wokoka madzi a m'thupi kulowa m'matumbo. Akatswiri anapatsa timaulusiti mayina monga F4, F5 ndi F6, ndipo F5 yemweyo amavutanso ana a ng'ombe.

Mwana wa nkhumba amabadwa wopanda chitetezo chochokera kwa make. Amachipeza mu mkaka woyamba, wachikasu uja. Asilikali oteteza thupi a mu mkakawo amakuta timaulusi tija, kachilombo n'kusowa pogwira. Tsono ine ndimaumirira kuti tsiku loswa mukhale pakhola. Bere la nkhumba ndi masiku ngati 114, werengani kuchokera tsiku lokweredwa. Mwana aliyense mumupukute, mumuike pabere m'maola oyambirira. Ofooka muwathandize ndi manja, amphamvu muwapatule kanthawi pamalo ofunda kuti anzawo akhute.

Kulinso katemera wopangidwa kuchokera ku timaulusi tomweti. Amabaya make masabata angapo asanaswe kuti mkaka wake ukhale ndi asilikali ochuluka. Funsani alangizi a ziweto a kwanuko ngati akupezeka. Khola lizikhala louma, ndi udzu woyala watsopano.

Za mankhwala ndikupempheni ndithu: musamangogula maantibayotiki pamsika n'kumwetsa mwachisawawa. Mabakiteriya ali ndi mtundu wina wa pili wokokera mnzake pafupi n'kumupatsira mphamvu yopirira mankhwala. Ana a nkhumba akayamba kutsegula m'mimba, apatseni madzi a mchere ndi shuga kuti asaume, apitirize kuyamwa, ndipo itanani mlangizi tsiku lomwelo.