Kutsimikiza kuti mafayilo a log afika amphumphu pa seva ina

Mukamatumiza ma log a database (mafayilo olemba zonse zimene zasintha mu database) kuchoka pa seva ya ku Mzuzu kupita ku Lilongwe, kungoona dzina la fayilo mbali inayo sikokwanira. Magetsi akathima kapena netiweki ikaduka pakati, fayilo imafika yoperewera.

Musakopere fayilo imene database ikulembamobe. Itsekeni kaye: pa MySQL lembani FLUSH BINARY LOGS, pa PostgreSQL SELECT pg_switch_wal(). Mukatero, pa seva yotumiza yendetsani sha256sum (pulogalamu yowerengera nambala yozindikiritsa zomwe zili mu fayilo, yotchedwa SHA-256) pa mafayilo otsekedwa okha, zotsatira muzisunge mu mndandanda.txt. Tumizani zonse ndi rsync (pulogalamu yokopera mafayilo pakati pa maseva), ndipo zikafika, pa seva yolandira lembani sha256sum -c mndandanda.txt. Fayilo yabwino imaonetsa OK. Yomwe yati FAILED itumizeninso ndi rsync --checksum.

Kukula kwa fayilo kusakunamizeni. Mafayilo a WAL (ma log a PostgreSQL) nthawi zambiri amakhala 16 MB iliyonse, yabwino ndi yowonongeka yomwe. FTP ya ASCII (njira yotumizira mafayilo ngati malemba wamba) ipeweni ndithu, chifukwa imasintha zizindikiro za kumapeto kwa mizere.

SHA-256 siiona vuto limene linalipo musanatumize. Apo pamafunika mysqlbinlog --verify-binlog-checksum pa MySQL kapena pg_waldump pa PostgreSQL. Onaninso manambala a mafayilo. Imodzi ikasowa pakati, kubwezeretsa data kumathera pomwepo.