Momwe mungadzutsire Land Rover yakale ya asilikali pakhomo panu

Land Rover za Series IIA ndi Series III zinkapangidwa ku Solihull, ku England, kuyambira 1961 mpaka 1985, ndipo magulu ankhondo a mayiko ambiri anazigwiritsa ntchito. Zina zikadagonabe pansi pa mitengo ya mango, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando. Mukapeza yotero, mtima umathamangira injini ndi penti. Ugwireni kaye, yambirani pansi.

Musanapereke ndalama, onani mapepala. Nambala ya chasisi inadindidwa kutsogolo, mbali ya kumanja, pachitsulo chogwira sipuling'i. Palani matope, muiyerekeze ndi ya mu blue book. Zikasiyana, siyani.

Kenako tengani hamala ndi tochi, mugone pansi pa galimotoyo. Bodi ya Land Rover ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri, ndiye imanamiza: kunja imaoneka yamoyo pamene chasisi, yomwe ndi yachitsulo, inadyeka kalekale. Gogodani paliponse. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwee, chowola chimangoti phu n'kugwetsa zinyenyeswa zofiira m'maso mwanu. Malo omwe amayamba kuwola ndi chitsulo chopingasa cha kumbuyo kwenikweni, timikono togwira bodi m'mbali, ndi popondapo mapazi kutsogolo, pomwenso ndi pachitsulo. Mabowo awiri atatu, wowotcherera waluso adula n'kuikapo chigamba chokhuthala ngati chitsulo choyambacho. Koma ngati hamala ikulowa paliponse, werengani mtengo wa chasisi ina musanagule ngakhale pulagi imodzi. Ndaonapo anthu akumaliza ndalama pa injini, kenako sipuling'i n'kuzuka pa bampu yoyamba.

Dziwaninso msanga ngati magetsi ake ndi a 12 volts kapena 24. Zambiri za asilikali zonyamula wailesi, zotchedwa FFR, ndi za 24, zili ndi mabatire awiri, ndipo mapulagi ndi mawaya ake ndi okutidwa mwapadera kuti asasokoneze wailesi. Zipangizo zake n'zovuta kupeza. Ine ndimati ngati mukufuna kuyendera galimotoyo tsiku ndi tsiku, isinthireni ku 12, koma zakalezo muzisunge m'bokosi.

Pomasula, jambulani chilichonse pafoni musanachichotse, ndipo mabawuti a malo amodzi alowe m'kajumbo kawo kolembedwa. Mabawuti ambiri ndi a mainchesi. Sipanala ya mamilimita imangofafaniza mitu yake. Ouma athireni oyilo womasulira dzimbiri madzulo, mukawayese mawa.

Injini yambiri ndi ya petulo, ya malita 2.25, masilinda anayi. Musailize ndi sitata ikadali youma. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, dikirani masiku awiri kapena atatu, kenako muizungulitse pang'onopang'ono ndi handulo yapatsogolo. Ikakana, musakakamize, onjezani oyilo mudikirenso. Ikazungulira, khuthulani oyilo wakale, sinthani fyuluta, tsukani kabuleta. Matanki a za asilikali nthawi zambiri amakhala awiri, pansi pa mipando yakutsogolo, ndipo petulo wokhalitsa amasanduka phula lonunkha ngati vanishi. Tsiku loyamba injiniyo imwetseni petulo kuchokera m'kachigubu koyera, panja, chozimitsira moto chili pafupi. Mpata wa mavavu ndi 0.010 inchi, ndipo masilinda amayaka motsatana 1-3-4-2.

Ikalira, musatuluke nayo pageti. Mabuleki ake ndi a ma drum, ndipo zakale zambiri zili ndi njira imodzi yokha ya mafuta a buleki: paipi imodzi ikaphulika, mawilo onse anayi asiya kugwira. Sinthani mapaipi onse a labala ndi masilinda a kumawilo, osayang'ana kuti akuoneka bwanji. Chenjerani ndi handibuleki. Imagwira shafti kuseri kwa giyabokosi, osati mawilo, choncho mukakweza wilo limodzi lakumbuyo ndi jeki galimoto ikhoza kuyenda. Tsekerani mawilo enawo ndi zipika, ndipo musalowe pansi itangokhala pa jeki kapena pa njerwa.

Giyabokosi, transfer box (bokosi logawira mphamvu kumawilo akutsogolo ndi akumbuyo), madifu onse awiri ndi mipira yachitsulo yomwe mawilo akutsogolo amakhoterapo zimamwa oyilo wa EP90. Kudontha pang'ono musadandaule nako, ndi khalidwe la galimotozi. Mukaona kuti yasiya kudontha, onani ngati muli oyilo.

Penti ibwere pomaliza. Aluminiyamu amafuna penti yapansi yapadera yotchedwa etch primer, apo ayi penti imasendeka. Ngati mukufuna kubwezeretsa mtundu wa asilikali ndi zizindikiro zake, kafunseni kaye a Road Traffic pomwe mukukonzekera COF, musanagule chitini.