Momwe mungaphikire mabisiketi a galu pakhomo

Ambiri mwa ife amene tikukhala mu Johannesburg tili ndi galu pakhomo, kapena timasamalira agalu m'nyumba zimene timagwirako ntchito, ndipo tikudziwa kudula kwa timapaketi ta mabisiketi a agalu m'masitolo monga Pick n Pay ndi Checkers. Mabisiketi amenewa mungathe kuphika nokha ndi zinthu zinayi zokha. Kuphikako sikovuta, chimene chimafuna chidwi ndi kusankha zinthuzo, chifukwa zakudya zina zimene ife timadya bwinobwino zimapha galu.

Konzani makapu awiri a oats, kapu imodzi ya dzungu kapena butternut wophika, dzira limodzi ndi masupuni aakulu awiri a chiponde. Oats mumupere kapena kumusinja mpaka akhale ngati ufa, ndipo ngati mulibe, fulawa wa tirigu wosapuntha amagwiranso ntchito yomweyo. Dzungu muliphike m'madzi opanda mchere, mulitsanule madzi onse, kenako muliphwanye ndi foloko likazizira. Mbatata ingalowe m'malo mwa dzungu.

Pa chiponde ndi pamene ndikupempha kuti mufatse. Werengani zolembedwa pa botolo musanagule, ndipo mukaona mawu akuti xylitol, lisiyeni pa shelefu pomwepo. Chotsekemeretsa chimenechi chimatsitsa shuga wa m'magazi a galu mwadzidzidzi ndipo chingathe kuwononga chiwindi, ngakhale galuyo atadya pang'ono. Chiponde chabwino ndi cha mtedza wokhawokha, chopanda shuga ndi mchere woonjezera. Amene muli ndi mtedza kapena nsinjiro zochokera kumudzi, muonetsetse kuti sizinachite chuku, pakuti chuku cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ndi moto wa mu uvuni. Nkhaniyi si yongoopseza: mu 2011 agalu oposa 200 anafa m'chigawo chino cha Gauteng atadya chakudya chokhala ndi poizoni ameneyu. Mtedza wowawa, wonyala kapena wosintha mtundu ndi wotaya, osati wopatsa galu.

Musayesenso kukometsa mabisiketiwa monga mmene mungakometsere chakudya cha anthu. Anyezi ndi adyo zimawononga magazi a galu, mphesa zaziwisi ndi zouma zimawononga impso, ndipo chokoleti ndi mtedza wa macadamia ndi zoopsanso. Mchere ndi shuga sizikufunika konse.

Tsopano yatsani uvuni kuti utenthe kufika pa madigiri 180. Sakanizani dzungu, dzira ndi chiponde m'mbale yaikulu, kenako thirani ufa uja pang'onopang'ono uku mukukanda ndi manja, mpaka zonse zigwirane osamata m'zala. Zikafewa kwambiri onjezani ufa, zikauma dontheziranimo madzi. Wazani kaufa patebulo, yalani chokandacho ndi botolo loyera kuti chikhale chopyapyala ngati theka la sentimita, ndipo mudule tizidutswa ndi mpeni molingana ndi kukula kwa galu wanu. Tizidutswa ting'onoting'ono ndi tabwino koposa, makamaka ngati mukufuna kumam'patsa pomuphunzitsa kukhala pansi kapena kubwera akaitanidwa. Yalani tizidutswato pa thireyi yoyalapo pepala lophikira, ndipo muphike kwa mphindi 25 kapena 30, mpaka m'mbali muyambe kufiira.

Apa ambiri amafulumira kutulutsa thireyi, pamene mabisiketi amakhala asanaume m'kati. Zimitsani uvuni, tsegulani chitseko pang'ono, ndipo muwasiye momwemo mpaka azizire. Bisiketi youma bwino imathyoka ndi kaphokoso, siipindika. Zimenezi n'zofunika kwambiri m'nyengo ya mvula, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, pamene chinyezi chimabweretsa chuku msanga, popeza mabisiketi a pakhomo alibe mankhwala oteteza kuti asaonongeke. Sungani a sabata imodzi m'chitini chotseka bwino mu furiji, otsalawo muwaike mu firiza, mmene angakhale miyezi iwiri. Magetsi akathima kwa nthawi yaitali, muziwayang'ana ndi kuwanunkhiza musanam'patse galu.

Mabisiketi salowa m'malo mwa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Madokotala a ziweto amalangiza kuti zakudya zapadera zotere zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene galu amapeza m'chakudya pa tsiku, choncho galu wamng'ono amakwana ndi kamodzi kapena tiwiri. Tsiku loyamba mum'patse kamodzi kokha, muone ngati sakusanza, kutsegula m'mimba kapena kudzikanda. Ngati galuyo ndi wa kuntchito, yambani mwafunsa eni ake, chifukwa agalu ena amakhala pa chakudya chapadera chimene dokotala anawalembera. Ndipo mukazindikira kuti galu wadya xylitol, mphesa kapena chokoleti, thamangani naye kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo, musadikire kuti ayambe kuonetsa zizindikiro.