Kusankha pakati pa stink, stench ndi reek

Ana anga a Fomu 3 akamalemba chimangirizo cha Chingerezi, fungo lililonse loipa amangolitcha bad smell. Sikulakwa ayi, koma zimandiwawa chifukwa pali mawu atatu amphamvu amene amawasiya pambali. Kuti musawasokoneze, dziwani kumene lililonse linachokera.

Yambani ndi stink. Uyu ndi mneni amene amasintha ngati drink, ndiye muzilemba stink, stank, stunk, osati stinked. Zaka zoposa 1,000 zapitazo Angerezi ankati stincan, kutanthauza kutulutsa fungo lililonse, lokoma ngakhale loipa. Zimene ife timasiyanitsa ponena kuti kununkha ndi kununkhira, iwo ankazinena ndi mneni mmodzi. Smell atafala, stink anatsalira zonyansa zokhazokha: nsomba yoola, ngalande, sokosi. Munthu musamuuze maso ndi maso, n'chipongwe. Mawuwa amakhalanso dzina. M'chilimwe cha 1858 mtsinje wa Thames ku London unanunkha zam'chimbudzi mpaka makatani a nyumba ya malamulo anawaviika m'mankhwala opha fungo. Aphungu anavomereza msanga ndalama zoti injiniya Joseph Bazalgette akumbe ngalande zapansi, ndipo mpaka lero nyengoyo imatchedwa Great Stink.

Stench ndi wam'banja lomwelo, koma masiku ano ndi dzina basi. Musungireni fungo lolemera lotseka kukhosi, monga la galu wofera m'mbali mwa msewu kapena la dzala la pamsika mvula ikagwa.

Amene ndimamukonda kuphunzitsa ndi reek, chifukwa poyamba sankanena za kununkha n'komwe. Ankatanthauza utsi. Achibale ake akadali ndi tanthauzoli: Ajeremani utsi amautcha Rauch, ndipo anzathu okhala ku Joni mwina anamva rook m'Chiafrikaans. Mzinda wa Edinburgh ku Scotland anaupatsa dzina loti Auld Reekie chifukwa cha utsi umene unkafuka m'machumuni ake. Likulu la Iceland, Reykjavík, dzina lake ndi gombe la utsi, ngakhale kuti "utsiwo" unali nthunzi ya akasupe otentha. Mukasunga zimenezi m'mutu, simuvutika. Reek amakhala bwino pa fungo lofuka pa munthu kapena chinthu n'kukakamira: fodya m'jekete, kachasu m'kamwa, palafini m'manja, utsi wa nkhuni m'chitenje cha amene wachoka kukhitchini. Pambuyo pake ikani of, kenaka chinthu chonunkhacho, monga his jacket reeks of tobacco. Olemba nyuzi amamugwiritsanso ntchito mophiphiritsa, akafuna kunena kuti nkhani inayake ikununkha katangale.

Poyeserera, tengani malo amodzi amene mumawadziwa bwino, kaya ndi depoti ya basi kaya khola la nkhumba, mulembe ziganizo zitatu, chilichonse ndi mawu ake. Mukakayikira, tsegulani dikishonale yolemba chiyambi cha mawu. Chidule cha OE chimasonyeza kuti mawuwo anachokera ku Chingerezi chakale.

Okhala ku Britain mudzamvanso pong. Ameneyo ndi wocheza naye pa tiyi, pa mayeso a MSCE musamulembe.